Munthu wacheya wa m'nkhani za Aaborijini a ku Australia: ndi nyama, mzimu kapena munthu?

NamwinoWaKuNowra
Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa milungu iwiri tsopano. Ndimagwira ntchito ya unamwino pa nyumba ina yosamalira okalamba kuno kugombe la kumwera kwa New South Wales, ku Australia, ndipo mmodzi mwa anzanga a pantchito ndi mayi wachikulire wa mtundu wa Ayuin, umodzi mwa mitundu ya Aaborijini, amene ndiwo eni nthaka a dera lino. Tsiku lina tikumwa tiyi ndinawauza kuti ine ndi bambo a kunyumba tikufuna kutenga ana kukagona m'matenti kunkhalango ya kumapiri. Mayiwo anaika kapu pansi n'kundifunsa dzina la malowo. Nditatchula, anati tipite ndithu, koma moto usazime usiku wonse, ana asamwazikane dzuwa likapendeka, ndipo tikamva fungo loipa losadziwika kochokera tisayerekeze kulilondola. Anati kumeneko n'kwa Doolagahl, munthu wacheya thupi lonse amene amakhala m'mapiri. Ine ndinaseka poyesa kuti akundicheza, koma iwo sanaseke, anangotola kapu yawo n'kupitiriza kumwa.

Nditafika kunyumba n'kufotokozera ana, wamkulu anati ameneyo ndi Yowie, ndipo anathamangira kuchipinda kukatenga kachidole kapulasitiki kamene anakapeza m'kati mwa chokoleti cha dzina lomwelo. Tsono ndisokonezeka. Chimene mayi aja amachitchula motsitsa mawu ndi chimene ana anga amadya pa chokoleti, kodi n'chimodzi? Ndipo kodi m'nkhalango zimenezi muli nyama yeniyeni yonga nyani wamkulu, kapena ndi nthano chabe? Amene mukudziwapo kanthu, ndithandizeni.

Kadzidzi77
Achemwali, kagoneni mtima uli m'malo. Ku Australia kulibe nyani, kulibe pusi, ndipo sikunakhalepo ndi kale lomwe. Chinthu chimene kholo lake kulibe sichingabadwe. Moto usonkheni chifukwa cha kuzizira ndi njoka, osati chifukwa cha munthu wacheya.

MphunzitsiWaSayansi
A Kadzidzi anena zoona, ngakhale anena mwachidule kwambiri, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake. Pakati pa zilumba za Bali ndi Lombok ku Indonesia pali nyanja yakuya, yotalika makilomita pafupifupi 35 okha kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo, ndipo kuya komweko kumapitirira pakati pa Borneo ndi Sulawesi. Malire amenewa amatchedwa mzere wa Wallace, potengera dzina la Alfred Russel Wallace amene anazindikira kuti nyama za mbali ziwirizi n'zosiyana. Ngakhale pa nthawi imene madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, moti Australia, New Guinea ndi Tasmania zinali mtunda umodzi, malo akuyawa sanaphwe. N'chifukwa chake anyani akuluakulu otchedwa orangutan amapezeka ku Borneo ndi ku Sumatra koma sanawolokepo. Apusi ena ang'onoang'ono anafika ku Sulawesi, koma ku Australia sanafike.

Nyama zoyamwitsa za ku Australia zambiri n'zosunga ana m'thumba, monga kangaru, koala ndi wombat. Zina zimene zinafikako zokha ndi mileme, imene inauluka, ndi makoswe. Galu wam'tchire wotchedwa dingo anafika zaka pafupifupi 3,500 kapena 4,000 zapitazo, ndipo zikuoneka kuti anabwera ndi anthu pa mabwato. Ku Riversleigh ku Queensland ndi m'mapanga a Naracoorte ku South Australia akatswiri akumba mafupa a nyama zamakedzana zosawerengeka, kuphatikizapo tinyama tating'ono kwambiri, koma sanapezepo ngakhale dzino limodzi la nyani. Ngati funso lanu, mayi, lili lakuti kodi kuli gorila wa ku Australia, yankho la sayansi n'lakuti ayi.

Tsokonombwe
Aphunzitsi, ndikulemekeza ntchito yanu, koma mawu akuti “sanapezepo” ndi osiyana ndi akuti “kulibe”. Akatswiri a ku Ulaya ndi ku America anamulemba gorila m'mabuku awo m'chaka cha 1847, pamene anthu a ku Gabon anali atakhala naye pafupi kuyambira makolo. Okapi wa ku Congo, nyama ya m'banja la nyamalikiti, analowa m'mabuku mu 1901. Ku Australia komweko, mu 1994, mlonda wina wa nkhalango dzina lake David Noble anapeza mtengo wa Wollemi pine m'chigwa china makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Sydney, mtengo umene anthu ankangoudziwa kuchokera ku zotsalira za m'miyala. Ngati mtengo wautali chotero, umene suthawa munthu, unabisika pafupi ndi mzinda waukulu mpaka 1994, nanji chinthu chamiyendo, chochenjera, choyenda usiku?

MphunzitsiWaSayansi
A Tsokonombwe, zitsanzo zanuzo zikundithandiza ine. Gorila analowa m'mabuku chifukwa anthu a ku Gabon anali ndi zigaza zake n'kuzipereka m'manja mwa mmishonale Thomas Savage. Okapi anadziwika chifukwa eni dera anali ndi zikopa zake. Mtengo wa Wollemi utapezeka, masamba ake anatengedwa n'kuyesedwa, ndipo lero mbande zake zimagulitsidwa. Nanga chigaza cha munthu wacheyayu chili kuti? Kuti mtundu wa nyama yaikulu upitirire kwa zaka zikwi zambiri pafunika mazana a nyamazo, zodya, zobereka ndi zofa. Misewu ya ku Australia imapha makangaru ndi mawombat usiku uliwonse, ndipo moto woopsa wa mu 2019 ndi 2020 unapsereza nkhalango zambiri za kugombe kumene mayiwa akukhala. M'phulusa lonselo simunatuluke mtembo wa chimunthu chotere.

WowerengaZakale
Ndaona kuti tathamangira kufunsa ngati chilombocho chilipo tisanamve zimene eni nkhani amanena. Ndiloleni ndibwerere kumeneko, pakuti ndi pamene mayi wofunsa anayambira.

Choyamba, Aaborijini si mtundu umodzi. Pamene Angerezi ankafika mu 1788, m'dzikomo munkalankhulidwa zinenero zoposa 250, ndipo mtundu uliwonse unali ndi dziko lake, malamulo ake ndi zolengedwa zake zoopedwa. Kunena kuti “Aaborijini amakhulupirira Yowie” kuli ngati kunena kuti anthu onse a mu Africa amaopa chinthu chimodzi. Doolagahl, amene ena amalemba Dulagal kapena Doolagarl, ndi wa anthu a kugombe la kumwera kwa New South Wales.

Nkhani yake yodziwika kwambiri m'mabuku inachokera kwa mkulu wina wa Ayuin wa ku Wallaga Lake, Percy Mumbulla, amene anasimbira wolemba ndakatulo Roland Robinson cha m'ma 1950. Mkuluyu anati Doolagahl ali ndi chifuwa chachikulu, mikono yaitali, miyendo yowonda, chipumi chothawira m'mbuyo, ndipo mutu wake unangomera pa mapewa popanda khosi. Koma chimene chimandigwira mtima si maonekedwe ake. Anati akayandikira, munthu umafooka, miyendo imakana kuyenda, ndipo tulo timakugwira. Uyenera kudzikakamiza kusonkha moto ndi kuusunga, chifukwa ukazima iwe n'kugona, iye amabwera, amavundukula bulangeti, n'kuyamba kukugirigisha. Ukaseka n'kudzuka, amakunyamula m'khwapa n'kupita nawe. Tsono taganizani: ndi nyama yanji imene imagwetsa tulo pa munthu ili patali, n'kumayesa ngati aseke? Izi si ntchito za nyani.

Zoona, mkuluyu anayerekeza chilombocho ndi gorila. Koma liwu limenelo si la Chiyuin, ndipo makolo ake akale sanamuonepo gorila ngakhale pa chithunzi. Ankalankhula ndi mzungu m'Chingerezi, ndipo anatola chinthu chimene mzunguyo akanachimva msanga. Komanso A. W. Howitt, amene analemba za mitundu ya kumwera chakum'mawa kwa Australia mu 1904, anamva kwa anthu a m'dera lomweli liwu lofanana nalo, lakuti Tulugal, ndipo analimasulira kuti mzimu wa munthu wakufa, nati linachokera ku liwu lotanthauza dzenje kapena manda. Ndikaika ziwirizi pamodzi, ndikuona kuti chinthuchi chili pafupi ndi dziko la mizimu kusiyana ndi dziko la nyama.

NamwinoWaKuNowra
A Wowerenga, thupi langa lachita tsembwe powerenga za motozo, chifukwa mayi aja anabwereza kawiri kuti usazime, ndipo ndikukhulupirira kuti sanazitenge m'buku. Ndionjezepo kanthu kena kamene ndaphunzira kuno. Pakati pa mitundu yambiri ya Aaborijini, dzina la munthu amene wamwalira silitchulidwa kwa nthawi ndithu, moti wailesi ndi kanema wa boma amayamba achenjeza ngati pulogalamu ili ndi mayina, mawu kapena zithunzi za anthu omwalira. Mkulu amene mwamutchulayo anamwalira kale ndipo dzina lake lili m'mabuku, choncho sindikukudzudzulani, koma ndafuna kuti gulu lidziwe kuti anthu amenewa nkhani sangoitaya poyera.

Kadzidzi77
Chilombo chogirigisha munthu kuti aseke? Pamenepo ndiye mwandipatsa umboni wonse. Imeneyo ndi nkhani yoopsezera ana kuti asamayende usiku ndiponso kuti wina azikhala maso posunga moto. Agogo athu anali nazo zambiri zotere.

NaphiriWaKuDedza
Achimwene a Kadzidzi, mukuti “yoopsezera ana” ngati kuti mwaipeputsa, koma mayi a ku Nowra auzidwa iwo, munthu wamkulu wa ana ake, ndipo wowauzayo sanaseke. Ndikufuna kupereka chitsanzo cha kwathu, osati kuti tisiye za ku Australia, koma kuti tione mmene nkhani yotere imakhalira. Ndili mwana, agogo anga aakazi ankatiuza za Akafula, anthu aafupi amene ukakumana nawo m'phiri amafunsa kuti, “Mwandionera pati?” Ukayankha kuti wamuonera pompano, wautsa mkwiyo wake, koma ukati wamuonera kutali, uko kuphiri lija, amakondwa n'kukusiya upite. Tinkaiyesa nthano yongosekera. Nditakula ndinakaona ndi maso anga zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake mu 2006, ndipo akatswiri amati zofiirazo anajambula ndi Abatwa, alenje amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Ndiye kuti m'nthano ija munali anthu enieni, ngakhale kuti pakamwa pa mibadwo yambiri anasanduka ngati tizilombo. Funso langa kwa odziwa n'lakuti: kodi munthu wacheya wa Aaborijini sangakhale chikumbutso cha chinthu chenicheni chimene chinatha?

Tsokonombwe
Mayi Naphiri, mwafunsa funso limene ndinkafuna kufikapo. Anthu akhala ku Australia zaka zosachepera 50,000, ndipo zimene anakumba pa phanga la Madjedbebe kumpoto zinachititsa akatswiri ena kunena kuti ndi zaka 65,000. Anthu oyambawo anapeza nyama zikuluzikulu zimene lero kulibe. Kunali Diprotodon, wofanana ndi wombat koma wamkulu ngati chipembere. Kunalinso Procoptodon, kangaru wamtali pafupifupi mamita awiri, wankhope yaifupi yophwatalala ndi mikono yaitali ya zikhadabo, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti ankayenda moponda mwendo uno kenako winawo m'malo modumpha. Munthu woona chinyama chotere madzulo chitaima chilili, chikukoka nthambi ya mtengo, angachitchule chiyani?

Ndipo kukumbukira kwa anthu amenewa si kwamasewera. Akatswiri awiri, Patrick Nunn ndi Nicholas Reid, anasonkhanitsa nkhani za m'malo 21 a m'mbali mwa nyanja zonena za nthawi imene madzi anakwera n'kumiza mtunda, chinthu chimene chinachitikadi zaka zoposa 7,000 zapitazo. Tikawolokera ku chilumba cha Flores ku Indonesia, anthu a mtundu wa Nage ankasimba za Ebu Gogo, tianthu tacheya tokhala m'mapanga, ndipo mu 2003 pa chilumba chomwecho, m'phanga la Liang Bua, anakumba mafupa a mtundu wa anthu otalika pang'ono kuposa mita imodzi.

MphunzitsiWaSayansi
Apa a Tsokonombwe mwalankhula zomveka kuposa poyamba, koma tisalumphe mtsinje tisanauyese. Nkhani za kukwera kwa nyanja zimatheka kuziyesa, chifukwa zimatchula malo enieni ndipo kuya kwa madzi pamalopo kumayezeka. Zaka 7,000 n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zaka zoposa 40,000 zimene zapita chitheretu nyama zikuluzikulu zija. Za ku Flores nazonso zinasintha: poyamba ankati tianthuto tinalipo mpaka zaka 12,000 zapitazo, koma atayesanso mu 2016 anapeza kuti mafupawo ndi a zaka 60,000 kapena kuposa. Ndivomera kuti ganizo lanu n'lokoma, ndipo sindingathe kulitsutsa kotheratu, koma inunso simungathe kulitsimikiza. Chimene ndikukana n'chakuti tizisakasaka nyama pansi pa nkhani iliyonse, ngati kuti nkhani yopanda mafupa ilibe ntchito.

WowerengaZakale
Tsopano ndiyankhe mbali ina ya funso loyamba, ya kachidole ka m'chokoleti kaja, chifukwa mbiri ya dzina lakuti Yowie ndiyo ikuonetsa pamene nyani analowera m'nkhaniyi.

Atsamunda a m'zaka za m'ma 1800 sankati Yowie. Ankati Yahoo, kapena kungoti munthu wacheya. Liwu lakuti Yahoo linali kale m'Chingerezi, pakuti Jonathan Swift m'buku lake la Gulliver's Travels la mu 1726 anatcha dzina limeneli anthu acheya, auve, okhala ngati nyama. Mwina panali liwu la Chiaborijini lomveka mofanana nalo, koma khutu la Mngerezi linali litazolowera kale la m'bukulo. Mu 1842 magazini ina yotchedwa Australian and New Zealand Monthly Magazine inalemba za Yahoo monga chikhulupiriro cha Aaborijini, ndipo inati ndi wamsinkhu wa munthu, wa tsitsi lalitali loyera lophimba nkhope, wa mikono yaitali ya zikhadabo, ndiponso wa mapazi oloza kumbuyo kuti womulondola asokere. Inanenanso kuti maonekedwe ake ndi onga a nyani.

Kenako gorila anatchuka ku Ulaya, makamaka Paul du Chaillu atafalitsa za maulendo ake a ku Gabon mu 1861, ndipo nkhani za Darwin, zakuti anthu ndi anyani ali ndi kholo limodzi, zinali pakamwa pa aliyense. Pofika mu 1882, munthu wina dzina lake H. J. McCooey analembera nyuzipepala ya Australian Town and Country Journal kuti anaona nyani wa m'dzikomo pakati pa Batemans Bay ndi Ulladulla, m'dziko la Ayuin lomwelo, wopanda mchira, waubweya wakuda wautali, ndipo anauza nyumba yosungira zakale ya Australian Museum kuti akhoza kuwagwirira mmodzi atamulipira mapaundi 40. Sanabweretse kanthu.

Dzina lakuti Yowie linafala m'ma 1970, pamene Rex Gilroy wa ku Blue Mountains ankalilemba m'manyuzipepala, nthawi imene Bigfoot, chimunthu chacheya cha m'nkhani za ku America, anali atatchuka kale. Graham Joyner wa ku Canberra, amene anafufuza manyuzipepala akale n'kusindikiza zimene anapeza mu 1977, ankanena kuti dzinali silinali lodziwika kwenikweni zisanafike zaka zimenezo. M'tauni ya Kilcoy ku Queensland, anyamata awiri atanena kuti anachiona kumapeto kwa 1979, anthu anaimika chiboliboli chake chamtengo mu 1980 kuti chizikopa alendo. Chokoleti chija chinabwera m'ma 1990. Choncho, mayi, kachidole ka mwana wanu ndi mdzukulu wa manyuzipepala, pamene Doolagahl wa anzanu aja ndi wa phiri lija anakufunsani dzina lake.

MalumeWaKuPerth
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndiikepo zanga, pakuti ndinagwirapo ntchito yokonza mapampu a madzi m'midzi ya m'chipululu chapakati pa dzikoli kwa zaka zitatu. Kumeneko dzina lakuti Doolagahl sindinalimvepo. Anthu a mtundu wa Warlpiri amanena za Pangkarlangu, chimphona chacheya, cha zikhadabo zakuthwa, chopanda khosi, chimene chimayendayenda m'chipululu kufuna makanda ndi ana osochera kuti chidye. Tsiku lina galimoto yathu inaphulika tayala dzuwa litatsala pang'ono kulowa, tili ndi mayi wina amene tinamutenga pamodzi ndi adzukulu ake awiri. Kamnyamata kakang'ono kanayamba kutsata buluzi kulowera ku zitsamba. Mayiyo sanakuwe. Anangotchula liwu limodzi lomwelo motsitsa, ndipo mwanayo anabwerera chothamanga n'kudzakakamira siketi yake mpaka tinamaliza kumanga tayala. M'dziko limene mwana atasochera masana angafe ndi ludzu lisanathe tsiku, ine sindinaone choseketsa.

Ku Queensland anthu ena amanena za Junjudee, amene ndi wacheya koma wamfupi ngati mwana, wamphamvu ndiponso wovutitsa. Cha ku Laura, ku Cape York, kuli zojambula za m'mapanga za mizimu yotchedwa Quinkan, ina yaitali yowonda ngati ndodo yokhala m'ming'alu ya matanthwe, ina yaifupi yonenepa. Chimene chimandinyansa n'chakuti osaka Yowie amatenga mayina onsewa, chimphona cha m'chipululu, kamunthu ka ku Queensland, mizimu ya ku Laura, n'kuwaponya m'dengu limodzi monga umboni wakuti Aaborijini onse ankaona nyani mmodzi. Eni ake amasiyanitsa zinthu zimenezi bwinobwino, monga mmene ife sitingasokonezere ndondocha ndi napolo.

Kadzidzi77
Malume, nkhani ya mwana ndi buluziyo yangotsimikiza mawu anga aja. Koma kuti ndisaoneke wokana zonse, pali chimodzi chimene chimandivuta. Bill O'Chee, amene anadzakhala senetala wa ku Queensland, ananena poyera kuti mu 1977, ali mwana wasukulu, iye ndi anzake anaona chimunthu chachitali chaubweya ku Springbrook. Munthu wandale sapindula kanthu ponena zotere, amangodziseketsa. Sindikhulupirira kuti anaona nyani, koma ndikukhulupirira kuti anaona chinachake, ndipo ubongo wake unachiveka chovala chimene manyuzipepala a zaka zimenezo anali atasoka kale.

MlembiWaKuZomba
Ndikufuna kukumbutsa gulu kuti m'tchire la ku Australia munakhalapo anthu enieni acheya. Dziko limenelo Angerezi analiyamba ngati ndende, ndipo akaidi ena ankathawira kuthengo. Wodziwika kwambiri ndi William Buckley, amene anathawa mu 1803 pafupi ndi pamene lero pali Melbourne. Anali wamtali pafupifupi mamita awiri. Anthu a mtundu wa Wathaurong anamupeza atanyamula mkondo umene anazula pa manda, ndipo anamulandira monga m'bale wawo wakufa amene wabwerera. Anakhala nawo zaka 32, mpaka mu 1835 pamene anatulukira pa msasa wa azungu atavala zikopa, ndevu zili yapayapa, Chingerezi atachiiwala. Sindikunena kuti Doolagahl anayamba ndi akaidi, ayi, nkhaniyo ndi yakale kuposa iwo. Koma mbusa wa nkhosa wachizungu amene anaona chimunthu chandevu chikuzemba m'mitengo cha m'ma 1840, atamvapo kale kwa Aaborijini za munthu wacheya, sanafunikire nyani kuti athamange kukauza a nyuzipepala.

NaphiriWaKuDedza
Zimene mwanenazi, a Mlembi, zandipatsa maganizo ena owawa. Atsamunda aja anali ndi chizolowezi chowaika Aaborijini enieniwo pafupi ndi nyama m'zolemba zawo. Tsono pamene mzungu wa nthawi imeneyo akulemba za “munthu wakutchire”, ine ndimayamba ndafunsa kuti akunena za ndani. Pamene Myuin akunena za munthu wacheya, akunena za chinthu chimene si munthu, chokhala kunja kwa malamulo a anthu, chosadziwa ubale, chodya chokha. Mawu ndi amodzi koma oyankhula awiriwa akuloza kosiyana.

MalumeWaKuPerth
Mayi Naphiri, pamenepo mwakhudza chilonda. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, maboma a ku Australia pamodzi ndi mamishoni ankalanda ana a Aaborijini kwa makolo awo, ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa m'nyumba ya malamulo pa 13 February 2008. Agogo amene lero akuchenjeza adzukulu za chimphona choba ana ndi a m'badwo umene unaona galimoto ikubwera kudzatenga ana masana dzuwa likuswa mtengo. Sindikuti nkhani ya Pangkarlangu inachokera pamenepo. Ndikungoti munthu wobwera ngati ine, pomva mayi wachikulire akunena kuti ana asatalikire moto, ndinaphunzira kutseka pakamwa.

Tsokonombwe
Ndavomera kuti pa za mafupa Aphunzitsi andigonjetsa, ndipo pa za mayina a Wowerenga anditsegula maso. Komabe kangaru wamtali uja sindimutaya. Akadzakumba chojambula cha m'phanga chomuonetsa bwino, ndidzabwera kudzakukumbutsani.

MphunzitsiWaSayansi
Mukadzabwera nacho ndidzakhala woyamba kuvula chipewa. Ngakhale pamenepo tidzakhala tapeza kangaru, osati chimene chimagirigisha anthu ogona.

NamwinoWaKuNowra
Zikomo nonse. Dzulo pa nthawi yopuma ndinapita kwa mayi aja n'kupepesa chifukwa cha kuseka kwanga kwa tsiku lija. Anagwedeza dzanja kusonyeza kuti palibe kanthu. Ndinawaonetsa kachidole ka mwana wanga, ndipo ulendo uno ndi iwo amene anaseka mpaka kupukuta misozi, nati adzukulu awo nawonso ali nato tambiri, koma ameneyo si iye. Nditawafunsa ngati Doolagahl ndi nyama kapena mzimu, anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti funso limenelo amafunsa ndi azungu, ndipo iwo sanaganizepo zomuika mbali imodzi. Anati amalume awo anakumana naye akuchokera kokadula mitengo, anafika kunyumba osatha kulankhula mpaka m'mawa, ndipo zina zonse za nkhaniyo ndi za banja lawo, sangazinene pa tebulo la tiyi. Sindinawakakamize.

Anandiuza kuti tikafika pamalopo tiyambe talankhula mokweza, kunena kuti ndife ndani, tachokera kuti ndipo tichoka liti, ndiponso kuti tisatole mwala uliwonse kupita nawo kunyumba. Bambo a kunyumba, amene maganizo awo ndi ofanana ndi a Kadzidzi, ati zonsezo n'zopanda pake, koma ndawaona madzulo ano akulongedza m'galimoto mitolo ya nkhuni yokwanira masiku anayi, pamene ife tikukagonako masiku awiri. Tayang'ananso ngati boma silinaletse kusonkha moto sabata ino, pakuti kuno nyengo yotentha amaletsa, ndipo pakadali pano n'zololedwa. Tinyamuka Loweruka m'mamawa.